Sikopu ya Bwana Gray

Najma, Doha
15 Sepitembala 2023

Okondedwa Amake Mwai,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana athu, Mwai ndi Tabu. Ine kuno ndili gwa, kungoti dzuwa likadali lija lokhala ngati wayandikira uvuni wa njerwa. Mwati mavoisi anga amafufutika foni ikadzadza, ndiye ndayamba kulemba papepala n'kumajambula. Muziwerenga mofatsa, dzanja langa mukulidziwa.

Nkhani ilipo yoti museke. Abwana anga a ku America aja, a Gray, amene ndimawayendetsa, agwidwa ndi matenda atsopano. Sabata yatha tinapita ku chionetsero cha alenje, kumene Aarabu amagula mbalame zosakira zonga akabawi pamtengo wa galimoto. Ine ndimati tikukaona mbalamezo. Ayi ndithu, munthu uja anakaima pa tebulo la masikopu mpaka miyendo yanga inachita dzanzi.

Sikopu ndi kachitoliro ka magalasi komwe amamangirira pamwamba pa mfuti. Ukasuzumiramo, chinthu chakutali chimabwera pamphuno pako. Mfuti yawo ili kwawo, kuno saloledwa kukhala nayo. Chaka chamawa mu Juni akupita kutchuthi kwa akulu awo, amene ali ndi famu ya ng'ombe, ndipo awiriwa akhala akupikisana kuombera chiyambire ali ana. Ulendo watha anagonja. Akuti inalakwa ndi sikopu.

Ndinafunsa ngati akukasaka njati. Anatulutsa foni n'kundionetsa. Amake Mwai, ndi mbewa! Amati pureri dogi, ati galu wa m'dambo, koma ugalu palibe. Kali ngati gologolo wonenepa wodula mchira, kamaima ndi miyendo iwiri pakhomo pa una n'kumakuwa. Tinyamati timakumba mauna m'busa monse, udzu n'kutha, ng'ombe n'kumathyoka miyendo. Ukatiyandikira timalowa pansi, ndiye amatiombera ali patali ngati kuchoka pakhomo pathu kukafika kuchigayo cha pa Lizulu.

Ndinati, "Nanga bwana, mumawotcha kapena mumafutsa?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Sadya! Ndinawauza kuti kwathu zimenezi zimangofuna khasu ndi utsi, dzuwa lisanapendeke ndiwo zapezeka. Anaseka mpaka kutsokomola.

Zomwe ndatumiza mugulire feteleza wa mbatata asanakwerenso mtengo, zotsala nsapato za Tabu. Abudu, mnzanga wa ku Mangochi amene ndimagona naye chipinda chimodzi, akupereka moni.

Ine wanu,
Wickson

Najma, Doha
24 Novembala 2023

Okondedwa Amake Mwai,

Moni nonse kumeneko. Ndasangalala kumva kuti mvula yayamba bwino ndiponso kuti chifuwa cha Tabu chatha. Kuno kwayamba kuzizira pang'ono, moti munthu ungathe kuyenda panja osalakalaka kufa.

Matenda a abwana akula. Ali ndi mnzawo Mkatari, dzina lake Abu Nasser, mwini sitolo ya zida za alenje. Ameneyu wawabwereka masikopu atatu kuti ayese kaye asanagule. Ndiye Lachisanu lililonse, tsiku langa lopuma, ndimakawatenga kunyumba kwawo ku Al Hilal kupita kumunda kwa Abu Nasser m'chipululu. Sindikudandaula, ovataimu amandilembera.

Popeza mfuti palibe, anasemetsa thabwa lofanana ndi mfuti n'kumamangirirapo sikopuyo. Ntchito yanga ndi kudzaza mchenga m'mabotolo a madzi n'kukawaimika kutali. Abwana anawajambula maso ndi mano kuti afanane ndi tinyama tija. Munthu wamkulu, injiniya, amagona chafufumimba pamphasa n'kumati "pho!" ndi pakamwa. Abusa a ngamila amaima n'kumationerera.

Masikopuwa ndawapatsa maina. Woyamba ndi Chimphona. Amakulitsa zinthu kuposa onse, koma ndi wolemera, ndipo dzuwa likakwera botolo limayamba kuvina mkatimo ngati waledzera. Akuti ukakulitsa kwambiri umakulitsanso mpweya wotentha wochoka pansi. Wachiwiri ndi Namwali, woonetsa zinthu mbee ngati madzi a pakasupe, koma mtengo wake sindinena, mungaleke kugona. Wachitatu ndi Mlimi, wosaoneka bwino koma wolimba, wokhala ndi kachitsekerero kopotokola pofuna kuombera patali. Abwana m'mawa amakonda uyu, masana uyo. Abu Nasser amangoti, "Yalla, fulumira Gray, sankha mkazi mmodzi!"

Lero anandiuza kuti nanenso ndisuzumire mwa Namwali. Ndinagona pamphasa, n'kuika diso. Ndinangoona nkhungu. Ndinati galasi lada, iwo n'kulipukuta, n'kuyang'anamo, ati lili bwinobwino. Nditasintha diso ndinaona botolo lija mpaka mano ake. Kaya ndi fumbi linandilowa.

Pajatu ng'ala ya amayi anu inayamba bwanji? Ankamva kuwawa, kapena ankangoona utsi? Ndikungofunsa, tinkacheza za matenda ndi Abudu.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale a Aubrey ogula mbuzi aja abwerenso ndi mawu okoma. Muuzeni Mwai kuti ndamva za masamu ake, ndamunyadira.

Ine wanu,
Wickson

Najma, Doha
19 Januwale 2024

Okondedwa Amake Mwai,

Ndili bwino, musade nkhawa ndi kukhala chete kwangaku. Ntchito inachuluka. Zithunzi za Khirisimasi ndinaziona, nonse munatchena. Kodi amene waima kumbuyo kwa Tabu ndi mlongo wanu kapena ndi Mwai? Chithunzicho sichinatuluke bwino.

Za malata a kukhitchini zija muyambe mwadikira. Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa galimoto inakhudzana pang'ono ndi chipilala cha pageti, mbali ya kumanja. Si nkhani yaikulu. Chipilala chimenecho anachimanga pamalo olakwika, aliyense amanena. Abwana anangoti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto, koma akampani anadula zawo.

Chimphona wabwezedwa kusitolo. Abwana anati kwawo mu Juni kumatenthanso, ndiye munthu sangalipire ndalama kuti aziona mbewa zikuvina. Atsala Namwali ndi Mlimi. Tsopano mkangano uli pa timizere ta mkati mwa galasi. Mwa Namwali ndi topyapyala, sitibisa kanyama ngakhale kali kutali. Mwa Mlimi ndi tonenepa, timaoneka msanga koma timaphimba botolo lonse. Amandifunsa maganizo tili pamsewu, ine ndimangoti onse ndi abwino, chifukwa misewu ya kuno imafuna mtima wonse. Masiku ano kukayamba kuda sindikonda kuyendetsa. Magetsi awo amawala mopitirira muyeso.

Ndamva kuti mu Juni kampani idzayeza madalaivala onse, magazi, mtima, maso, zonse. Ndi mwambo wawo chabe.

Mbatata muipopere mankhwala masamba asanayambe kuda. Mundipempherere monga mwa masiku onse.

Ine wanu,
Wickson

Najma, Doha
22 Malichi 2024

Okondedwa Amake Mwai,

Moni. Thupi lili bwino, koma makutu akadali kulira ndi voisi yanu ija. Ndinaimvera panja, pafupi ndi sitolo ya Mnepali, kuopa kuti anzanga angamve momwe mwamuna amakalipiridwira kwawo.

Mwati munthu safunsa za ng'ala ya apongozi ake popanda chifukwa. Mwati bambo amene sazindikira mwana wake pachithunzi asanamizire kamera. Mwatinso chipilala chakhala pamalo pake zaka zitatu osasuntha. Munayenera kukhala wapolisi, Amake Mwai.

Chabwino. Ndi diso la kumanja. Silipweteka, koma ndimaona ngati ndikuyang'anira m'pepala la shuga lonyowa. Lakumanzere limagwira ntchito ya awiri, ndiye sindinkadziwa kuti zafika pamenepa mpaka tsiku lija la sikopu. Mukuti ndiwauze abwana. Kunena n'kosavuta muli pa Lizulu. Kuno dalaivala wopanda diso ndi katundu wokwezedwa ndege. Mkenya wina wa pakampani pathu anangopezeka ndi shuga wokwera, sabata yomweyo tinamuperekeza ndi zikwama. Mwai akulemba mayeso a fomu 4 chaka chino. Ndibwere ndidzamuuze chiyani?

Koma musaganize kuti ndangokhala. Abudu anabwera ndi uchi wa ku Yemen, ati agogo ake ankachiza nawo maso. Anandigoneka pabedi n'kundidonthezera. Mayo! Ndinavina beni chipinda chonse, Abudu akundithamangira ndi botolo la madzi, akuti, "Ndiye kuti ukugwira ntchito!" Diso linafiira ngati tomato, nkhungu ili pomwepo. Uchi wotsalawo tikumwera tiyi.

Kuno ndi Ramadani. Abudu akusala, ndipo madzulo amabwera ndi mpunga wa nyama wochokera kumzikiti wokwanira anthu asanu. Ine amene sindisala ndi amene ndikunenepa.

Mawu anu akuti ndikhoza kupha mwana wa eni pamsewu andilasa. Sindinagone nawo bwino. Ndiwauza abwana, ndikulonjeza. Ndikungodikira tsiku loti adzuke bwino. Panopa mutu wawo uli pa Namwali ndi Mlimi, moti dzulo anaiwala chikwama cha kuntchito n'kunyamula thabwa lija.

Ana musawauze kanthu.

Ine wanu,
Wickson

Najma, Doha
19 Epulo 2024

Okondedwa Amake Mwai,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo. Ndikulemba nditangofika, ndisanavule ndi nsapato zomwe.

Tsiku loti abwana adzuke bwino lija sindinalipeze. Landipeza lokha lero.

Tinapita kuchipululu monga mwa nthawi zonse. Abu Nasser anali atanena kuti khalas, zakwana, lero asankhe kapena abweze zonse. Abwana anagona pamphasa, kusuzumira uku, kusuzumira uko, thukuta lili kamukamu. Kenaka anati, "Wickson, ine ndalephera. Bwera udule mlandu. Amene unene, ndigula yemweyo."

Ndinagona pansi, thabwa paphewa la kumanja monga amachitira iwo. Kuti diso la kumanzere lifike pagalasi ndinachita kupinda khosi ngati nkhuku yomwa madzi. Ndinati Namwali ali bwino. Nditadzutsa mutu ndinapeza sakuyang'ana mabotolo, akuyang'ana ine.

"Bwanji ukugwiritsa diso limenelo?"

"Ndinazolowera, bwana."

"Mu Novembala muja iwe unayamba ndi linalo."

Munthu amene amaiwala chikwama chake anakumbukira zimenezo! Anandiimiritsa, n'kuphimba diso langa la kumanzere ndi chipewa chawo. Anati ndiwerenge nambala ya galimoto yathu. Inali pafupi ngati kuchoka pakhonde kufika pankhokwe. Nambalayo ndimaidziwa pamtima, ndikanatha kungoitchula. Pakamwa panatseguka ndithu. Koma ndinamva mawu anu aja a mwana wa eni, ndipo ndinati, "Bwana, galimoto ndikuiona ngati mulu woyera. Nambala sindikuiona."

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anati, "Miyezi yonseyi ukundithamangitsa pamsewu waukulu ndi diso limodzi? Mdzukulu wanga atabwera pa Khirisimasi unamunyamula ndiwe!" Abu Nasser anayamba kulongedza masikopu mwakachetechete ngati ali pamaliro.

Anandilanda makiyi. Kuchoka kuchipululu mpaka m'tauni anayendetsa okha, ine nditakhala pampando wa bwana, manja pamaondo. Anasochera kawiri, koma sindinayerekeze kuwauza. Atanditsitsa pa Najma anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Lamulungu m'mawa uvale malaya oyera, utenge ID yako. Ndidzakutenga ndine."

Kaya ndi kuofesi kokasainira zobwerera, kaya ndi kuti, sindikudziwa. Abudu akuti munthu wochotsedwa ntchito sauzidwa za malaya. Ine ndayamba kuyang'ana chikwama changa chili pamwamba pa kabati.

Chodabwitsa n'chakuti mtima wapepuka. Ndikumva njala koyamba sabata ino. Mbuzi ija muisunge ndithu, mwina tiifuna.

Ine wanu,
Wickson

Najma, Doha
10 Meyi 2024

Alamu,

Dzanja mukuliona lachilendoli ndi la ine Abudu. Amuna anu aletsedwa kuwerama ndi kulemba, ndiye agona chagada pabedi ngati mfumu, diso lili ndi chophimba, akundiuza zolemba. Ndilemba zimene akunena, koma akanama ndikonza.

Akuti moni, ali bwino, opaleshoni inayenda bwino dzana. Akuti Lamulungu lija sanapite kuofesi koma kuchipatala cha maso. Dokotala anapeza ng'ala, ati mwina inayamba ndi lamba wa injini amene anawamenya kumaso kalekale ali pagalaja ku Lilongwe. Anakumanako ndi nesi wa kwathu, Mayi Rehema a ku Zomba, amene anawauza kuti inshuwalansi ya kampani imalipira matenda amenewa. Anawakalipira m'Chichewa pamaso pa mzungu, ati, "Bambo inu, khadi muli nalo m'thumba, mukuthira uchi m'maso?" Za uchizo sindikudziwa anawauza ndani. Ine ndinkangothandiza.

Akuti ndilembe kuti sanaope ngakhale pang'ono. Alamu, ili ndi bodza. Ndinalipo. Atavala chijasi chachipatala chotseguka kumbuyo chija anandigwira dzanja n'kuyamba kundiuza za maliro awo, ati ndidzakuuzeni kuti wailesi ndi ya Mwai. Asanamalize kugawa chuma anaitanidwa, ndipo tiyi wanga asanazizire n'komwe anatuluka akufunsa ngati madokotala ayamba.

Akuti ntchito ilipo. A Gray anakalankhula okha kuofesi kuti dalaivala wawo akudwala, adikiridwe. Koma chilango chilipo: kalata yochenjeza yalowa m'faelo, ovataimu palibe mpaka atachira, ndipo anauzidwa kuti akadzabisanso chinthu chotere a Gray adzawakweza ndege ndi manja awo. Apa akuti ndilembe kuti m'pomveka.

Panopa a Gray akudziyendetsa okha. Abwera kawiri kudzazonda, ulendo woyamba anafika mochedwa chifukwa anasochera n'kukathera kudera lina lotchedwa Rawdat Al Khail. Anakhala pabedi langa, mutu ukugunda bedi lapamwamba, n'kumwa tiyi wa uchi uja. Sikopu sanasankhebe. Akuti woweruza wawo ali m'bandeji, adikira achire.

Akuti malata muyambe kufunsa mitengo, koma musagule. Akutinso ndilembe mawu ena a chikondi. Amenewo ndakana, adzalemba okha.

Ndine mlamu wanu,
Abudu

Najma, Doha
5 Julayi 2024

Okondedwa Amake Mwai,

Ndabwerera ndi dzanja langa. Ndili bwino kwambiri, ndipo ndikhulupirira Mwai akulemba mayeso ake mtima uli m'malo. Zimene analemba Abudu zija muchotsepo theka.

Mayeso a kampani ndakhoza. Ndinawerenga mpaka mzere wa pansi, nesi n'kunena kuti basi, bambo, enawo ndi maina a amene anasindikiza pepalali. Makiyi andibwezera. Dokotala anapezanso kuti diso la kumanzere, limene ndinkalitama lija, linali lotopa, ndiye andipatsa magalasi.

Abwana asananyamuke tinapitanso kuchipululu m'mamawa kusanatenthe. Ndinagona pamphasa, thabwa kumanja, diso la kumanja. Amake Mwai, ndinaona nyerere ikuyenda pa botolo! Ndinakhala pamenepo osafuna kudzuka. Mwa Mlimi ndinaonanso bwino, koma nditayang'ana nthawi yaitali diso linayamba kulemera, ndipo m'mbali mwake munali kachifunga. Ndinati, "Bwana, ngati mukagone tsiku lonse mukusuzumira, tengani Namwali. Nkhungu ndakhala nayo, sindingamufunire munthu ngakhale pang'ono." Anagula tsiku lomwelo. Abu Nasser anakweza manja kumwamba kuthokoza Mulungu, n'kutiphera nkhosa.

Dzana abwana anatumiza voisi kuchokera kwawo. Tsiku loyamba anawapambana akulu awo, moti ankafuula ngati mwana. Tsiku lachiwiri kunachita mphepo, anagonja. Tsopano akuti zolakwa ndi zipolopolo. Ndikuona kuti chaka chamawa tili ndi ntchito ina.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Popeza abwana kulibe mpaka Ogasiti, andipatsa tchuthi. Tikiti ili m'manja. Ndifika Loweruka la sabata yamawa, ndipo pa Lizulu nditsika ndi basi ya masana. Malata tikagula limodzi.

Koma ndikuchenjezeni. Tsiku limene ndinavala magalasi ndinakaima pa kalilole wa kubafa, ndipo ndinapezamo bambo wina. Imvi mbali zonse ziwiri, makwinya pachipumi, tsaya lina lagwa. Ndinafunsa Abudu kuti zimenezi zayamba liti, iye ati, "Achimwene, ndinakupezani choncho." Inu mumandiona pavidiyo sabata iliyonse, osandiuza bwanji? Ine ndimayenda m'Doha muno ndikudziyesa mnyamata.

Ndiye pasiteji musadzafune munthu amene munamuperekeza zaka zitatu zapitazo. Mudzaone mdala wa magalasi, wa imvi, atanyamula chikwama chofiira, akuyang'ana mayi aliyense mosamala ngati wataya kanthu. Ameneyo ndine. Musadzandipitirire, ndipo ndikadzakupezani musadzafulumire kundilandira chikwama. Mudzaime kaye pomwepo ndikuoneni.

Ine mwamuna wanu,
Wickson